Kuchoka pa Dola Imodzi

Lolemba, 5 Ogasiti

Fumbi tsiku lonse. Pakiyosiki zii. Nandolo sanayambe kugulidwa, ndiye angatumize ndalama ndani. Masana ndasewera poka, masewero a makadi obetcha ndalama, pafoni, mipikisano iwiri ya dola imodzi. Woyamba ndatuluka msanga. Wachiwiri ndafika mpaka pa tebulo lomaliza. Phindu lake la sopo ndi bandulo basi. Komabe ndi phindu.

Chaka chikukwana chiyambireni. Anandionetsa ndi Richard, mlongo wanga wamng'ono, atabwerako ku Blantyre ntchito itamukanika. Akaunti ananditsegulira ndi iye. Yake inauma kalekale, yanga ikukula ngati chinangwa, pansi, mosaoneka.

Satifiketi yanga ya uphunzitsi ikadali m'sutikesi. Anzanga ena aitanidwa kukayamba ntchito. Ine ndili pano kutumiza ndalama za eni ake.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Nkhani ndi yomweyi. Ndikwere pa mpikisano wa madola asanu kapena ndidikire? Odziwa amati usakwere mpaka ukhale ndi zokwanira kuluza kambirimbiri motsatizana koma osagona ndi njala. Ine sindinafike. Ndatsala pang'ono.

Ndimangoonerera matebulo a osewera a madola asanu osalowa. Sali ngati anzanga a dola imodzi oponya zonse ndi makadi opanda pake. Awa amadikira. Amakuwerenga. Ndimawaopa, komanso ndimawasirira.

Richard anabwera, nakhala pakreti, kundiyang'ana ndikutaya makadi, kutaya, kutaya. Akuti, "Achemwali, mumasewera ngati mukusankha miyala mumpunga. Mudzakalambira pa dola imodzi." Pochoka anapempha ya chipisi. Ndinamupatsa.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Pochokera kutchalitchi amuna anga, bambo a Miracle, ayambanso. Akuti juga ndi juga, kaya ya pansi pa mtengo kaya ya pafoni. Akuti mkazi wa mlembi wa mpingo anthu akadziwa adzati chiyani.

Matemba a ku Chilwa amene ndinagula ndi ndalama yomweyo adya mpaka kunyambita zala. Sanafunse kuti achokera kuti.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Miracle thupi moto, kusanza. Tili kuchipatala, atigoneka. Malungo. Foni ndasiyira Richard kuti kiyosiki isatsekedwe, a Kaliati eni ake sangamve za mwana wodwala. Ndamuuza kuti akhudze za makasitomala zokha. Anaseka. Akuti ndimamuyesa wakuba.

Loweruka, 17 Ogasiti

Tatuluka. Mwana wayamba kudya.

Ndafika kwa amayi ndapeza anthu pabwalo ngati pali chinkhoswe. Fanta, mabanzi. Richard pakati, foni yanga m'manja.

Analowa mu akaunti yanga. Nambala yachinsinsi sindinasinthe chiitsegulireni, uchitsiru wanga. Anatenga zonse za chaka chathunthu n'kulowa mpikisano wa madola makumi awiri, umene ine ngakhale kuonerera ndimachita manyazi. Analuza. Analowanso, analuza. Analowanso. Ndi ndalama yomaliza yeniyeni anafika nambala 2.

Ndalama yambiri. Sindinaigwirepo yotere. Waisamutsira kale ku nambala yake.

Wandibwezera zimene zinalimo, ndendende, osaonjezerapo ngakhale ya mchere. Akuti zotsalazo ndi za dzanja lake.

Ndatsegula mbiri ya masewero kuti ndione. Pena anaponya zonse ali ndi 7 ndi 3, mnzake ali ndi maeyisi awiri, makadi aakulu koposa onse. Makadi a patebulo anamukomera iye. Kwinakwake kuli munthu amene anasewera bwino, ndipo mwina anamenyetsa foni kukhoma. Munthuyo ndimamumva kuposa m'bale wanga.

Ndinafunsa kuti akanaluza akanandiuza chiyani. Amayi anandidula. Akuti, "Mwayi wa mlongo wako usauchitire nsanje. Thokoza." Ndithokoze. Ine ndinali pa benchi ya kuchipatala ndi beseni la masanzi.

Lamulungu, 25 Ogasiti

Njinga yamoto. Yofiira, mapulasitiki akadali pa mpando. Anakaigula ku Limbe.

Bambo a Miracle apita kutchalitchi atakwera kumbuyo, Baibulo m'khwapa, mano onse kunja. Ndinawafunsa za juga ija. Akuti Mulungu amadalitsa m'njira zosiyanasiyana. Ine ndi mwana tapita wapansi.

Ku Migowi ayamba kumutchula kuti bwana wa makadi. Amuna akuluakulu akumugulira mowa kuti awaphunzitse. Mayi wina pakiyosiki anandiuza kuti ndili ndi mwayi kukhala ndi mlongo wanzeru, ndimupemphe andionetseko pang'ono.

Ndasintha nambala yachinsinsi. Mochedwa.

Lachisanu, 30 Ogasiti

Sabata yoipa. Ndikusewera ngati Richard. Kuponya zonse ndi makadi a zii, kuthamangitsa zimene sizikubwera, kufuna kuona ngati nane angandikomere. Sanandikomere. Mulu wa ndalama zanga watsika kwambiri. Kasitomala wina ndinatsala pang'ono kumutumizira ku nambala yolakwika.

Chondipweteka si kuluzako. N'chakuti ndikudziwa bwino lomwe pamene ndikulakwitsa, koma chala chimapita chokha.

Ndasiya kaye. Mawa kumunda, kukathyola nandolo. Dzuwa lindiwotche mutu uwongoke.

Lachiwiri, 10 Seputembala

Masiku ambiri osalemba. Ndabwerera pa dola imodzi, mofatsa, ngati kale. Ndabwezako pang'ono. Palibe wondiombera m'manja, palibenso wondiseka.

Richard anatsegula akaunti yatsopano. Dola imodzi akuti ndi ya azimayi apakhomo. Iye makumi awiri, makumi asanu. Zonse zapita. Njinga wagulitsa kwa a Goodman a chigayo, ndipo tsopano akuiyendetsa yomweyo ngati kabaza wawo, kumapereka ndalama madzulo. Mapulasitiki a pa mpando sanachoke n'komwe.

Dzulo anabwera pakiyosiki. Wawonda. Akuti ndimubwereke akaunti kamodzi kokha, yanga ndi imene ili ndi mwayi. Ndinakana. Anati ndine wouma mtima, ndinayamba kalekale kumuda. Ndinamva chisoni, sindinama. Ndinamubereka kumsana ameneyu amayi ali kudimba. Koma ndinakana.

Lachitatu, 11 Seputembala

Lero ndadziwa chifukwa chake bambo a Miracle akhala osalankhula sabata yonse. Ndalama ya nandolo anaipereka kwa Richard kuti awachulukitsire. Nandolo amene ndinathyola ine, kupuntha ine, kupeta ine. Anandiuza akuyang'ana pansi, kenako n'kukweza mawu ngati wolakwa ndine. Akuti ndikanamubwereka Richard foni bwenzi atabweza kale.

Amayi nawo abwera masana. Anakhala pamkeka, osalandira madzi. Akuti, "Wodziwa ndi iyeyu, unaona wekha. Iwe chaka chonse wagula chiyani?" Ndinafuna kuwaonetsa chitenje chimene anavala, chogula ine ndi ndalama yomweyo. Ndinangoyang'ana kuphiri.

Mawa akubwera ndi amalume a Jonathan kuti nkhani ikambidwe. Ndikudziwa mathero ake. Amalume adzayamba ndi za chibale, adzamaliza ndi kuti ndipereke nambala yachinsinsi. Ndikakana pamaso pawo ndine mwana wamwano mpaka kumanda.

Ndinaganiza zotapa zonse. Koma ikangofika pafoni yasanduka ya banja, dzuwa lisanalowe ili m'manja mwa Richard.

Lachinayi, 12 Seputembala

Ndakwera.

Osati pa madola asanu amene ndakhala ndikuwayang'ana miyezi yonseyi. Ndalowa wa makumi asanu, ndi zonse zimene zinalimo. Mu akaunti mwatsala zosakwana ndi bandulo yomwe. Afune nambala, ndiwapatsa.

Sindinakonzeke. Ndikudziwa. Ndinkafuna tsikuli lidzafike ndili ndi mtima wokhazikika, nditadzigulira Fanta yozizira. Lafika ndili ndi ukali. Koma ngati ndalamayi ikupita, ipite ndi dzanja langa.

Ndikulemba pa nthawi yopuma. Kiyosiki ndatseka theka, a Kaliati akwiye. Ola loyamba ndataya makadi pafupifupi onse. Kamodzi ndinakweza ndalama ndilibe makadi abwino, munthu wa mulu waukulu anaganiza nthawi yaitali, nataya makadi ake. Ndinaseka ndekha mokweza, mayi wogulitsa tomato mpaka kutembenuka. Anthuwa si mizimu. Nawonso amaopa.

Ambiri atuluka kale. Ine ndikadalimo, mulu wapakatikati. Malo olandirapo mphotho akadali kutali. Batire ili pa theka, magetsi kulibe chim'mawa.

Ndikuwaona pamsewu. Amalume akukankha njinga yawo, amayi pambuyo, bambo a Miracle avala jekete la kutchalitchi pa dzuwa lonseli. Richard watsalira pa mtengo wa mango, sakuyang'ana kuno.

Kupuma kwatha. Makadi abwera. Amalume ayamba kale odi, ndipo ine ndikuika cholembera pansi, ndikutenga foni.