Wodwala Weniweni Anali Mmodzi

Embakasi, Nairobi
24 Julaye

Okondedwa achimwene Mwakio,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu anga ndi ana. Nanga abambo, mawondo aja akuwalola kutsetsereka kupita kutchalitchi? Kuno kukuzizira monga mudziwira Julaye wa ku Nairobi, dzuwa tikungolimva mbiri. Madzi kunyumba kuno akutuluka kawiri pa sabata, mwini nyumba akuti vuto ndi la khonsolo, a khonsolo akuti ndi la mwini nyumba.

Musadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Munaimba katatu, ndinaona, sindinayankhe dala. Khutu langa lakumanja silikumva bwino. Komanso ndimadzidziwa: mukanangoti Wakesho uli bwanji, ndikanati ndili bwino, nkhani n'kuthera pomwepo. Papepala mwina ndinena zoona.

Munamva pa wailesi kuti oyendetsa ndege a kampani yathu anadwala onse tsiku limodzi, apaulendo n'kumagona pansi pabwalo la ndege. Chiyambi chake n'chakuti mabwana anatidulira maola opuma. Munthu umafika kunyumba, kusamba, kutseka maso pang'ono, galimoto yodzakutenga yaima kale pageti. Bungwe lathu la oyendetsa ndege linadandaula miyezi isanu ndi umodzi osamvedwa. Litati tinyanyale ntchito, khothi linaletsa. Ndiye akuluakulu a bungwe anapeza njira ina, yoti Lolemba aliyense aimbe foni n'kunena kuti wadwala.

Achimwene, mumvetse chinthu chimodzi. Pa ntchito yathu munthu akati ndadwala safunsidwa kawiri. Ndi lamulo. Ukadzuka mutu ukuwawa kapena mphuno zatseka, umanena, iwo n'kufuna wina. Kusukulu ya ndege anatiuza zimenezi tsiku loyamba, tisanakhudze ndi chiwongolero chomwe. Mawu amenewa ndi amene amateteza anthu okhala kumbuyo kwathu m'ndege, ndipo ndi omwewa amene anzanga anawasandutsa chibonga. Dandaulo lawo linali loona, kutopako ine ndemwe ndimakudziwa. Koma mpaka Loweruka ndinali ndisanasankhe chochita, poti ndinali ndidakali m'miyezi yoyesedwa, itatsala iwiri kuti anditsimikizire pa ntchito. Munthu woyesedwa amachotsedwa ndi kalata ya mizere itatu.

Loweruka lomwelo chimfine chinandigwira. Chenicheni. Lolemba ndinadzuka mphuno zili gwa, makutu ngati ndamira m'madzi. Ndinaimba ku ofesi. Anayankha ndi bwana Gathogo, mkulu woyang'anira maulendo, amene masiku onse foni imeneyo saigwira. Ndisanamalize n'komwe kulankhula anayamba kuseka. Anati zikomo mayi, ndinu wa nambala 41, chimfine cha chaka chino n'chophunzira, chikusankha ovala yunifomu okhaokha. Ndinati bwana, tamverani mawu angawa. Anati akuwamva, ndipo ndaposa onse, enawo akungotsokomola ngati mbuzi yomeza pulasitiki. Kenaka kuseka kunatha. Anati mayina onse akulembedwa, akuluakuluwo adzakambirana nawo, koma inu oyesedwa amene mwadwala lero musavutike n'kuchira, yunifomu mudzangopatsira wa njinga yamoto.

Ndinaimbira Kaputeni Obiero, wapampando wa bungwe. Nayenso kuseka! Anati mwana iwe, ine ndimakuyesa wamanyazi, mawu a m'mphuno amenewa waphunzira kuti, tabwera udzaphunzitse madoda awa, akundichititsa manyazi. Ndinati kaputeni, ine ndikudwaladi, ndipo akuti andichotsa, kodi bungwe lidzandiimira? Apo anayamba kutafuna mawu. Anati nkhani ya oyesedwa ndi yovutirapo pa malamulo, koma ndilimbe mtima, pa nkhondo sasankha kuti uyu ndi mwana. N'zosavuta kunena ukakhala ndi zaka makumi awiri ndi zisanu pa ntchito, ukuyendetsa ndege zikuluzikulu zimene odziwa kuziyendetsa ndi owerengeka. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Ndinakhala pabedi foni ili m'manja mwina theka la ola. Anthu awiri odana, onse anditcha wabodza, wina mokwiya, wina monyadira. Ndinaganiza za zaka zinayi za ku yunivesite, ziwiri za kusukulu ya ndege, ndi zitatu zija ndinkayenda ndi chiphaso m'chikwama ndikugulitsa inshuwalansi m'maofesi. Ndiye ndinavala yunifomu, kuthira mankhwala m'mphuno, n'kunyamuka.

Pali pepala limene timasaina tisanakwere, lonena kuti thupi lili bwino ndipo tingathe kuuluka. Ndinasaina. Palibe anandigwira dzanja. Ndikulemba zimenezi kuti musadzanditeteze kuposa mmene ndikuyenera.

Ulendo unali wa ku Mombasa, anthu 68. Kaputeni anali a Rotich, munthu wa mu ofesi amene anawadzutsa pa desiki tsiku limenelo chifukwa chosowa anthu. Anandiona ndikumina, anandiyang'ana, n'kuyang'ana kumbali. Pokwera panalibe vuto. Tinadutsa pamwamba pa kwathu, mapiri athu atafunda mitambo. Chimfine chimalumira potsika. Mpweya umakankha khutu kuchokera kunja, ndipo mphuno zikatseka, m'kati mulibe choubweza. Ndinameza malovu, ndinayasamula, ndinatsina mphuno n'kuuzira, zonse zimene anatiphunzitsa, koma ayi. Ululu wake unali ngati munthu akukhoma msomali mosafulumira. Kenaka phu! Mbali yonse yakumanja kunangoti zii. Manambala a kutsogolo kwanga anayamba kuvina, mawu a wotitsogolera wa pansi ndikuwamva ngati ali kutsidya la mtsinje. Ndinangokwanitsa kunena kuti kaputeni, zonse gwirani nokha. Anatera okha. Povula zomvera za kumakutu ndinapeza magazi.

A Rotich ndi munthu wamkulu, wa mankhwala a kuthamanga kwa magazi m'thumba. Akanati agwidwe ndi kanthu pa mphindi khumi zimenezo, panalibe wachiwiri. Ntchito yanga yonse ndi kukhala wachiwiriyo. Zimenezi sindinauzepo munthu, ndinu woyamba.

Dokotala akuti kachikopa ka m'kati mwa khutu kanang'ambika. Chiphaso changa cha zaumoyo wachiimitsa miyezi itatu, akuti mwina kadzapola, tidzaona poyeza. Anandifunsa kuti mwana wophunzira ngati ine ndinkaganiza chiyani. Ndinangoyang'ana nsapato zanga.

Tsono mverani pamene pakundiwawa kuposa khutu. Kudwala kwa anzanga kunatha Lachinayi. Mabwana ndi Kaputeni Obiero anagwirana chanza pa wailesi yakanema, mano onse pamtunda. Maola opuma anabwezako theka. Anagwirizananso kuti aliyense amene ananena kuti wadwala sadzalangidwa, ngakhale oyesedwa omwe. Anthu 112, onse anachira Lachisanu m'mawa, mankhwala osamwa. Pa kampani yonse kalata ya mlandu inapita kwa munthu mmodzi, ine. Mlandu wake: kuyendetsa ndege ndikudwala.

Kwa anzanga nako dzina langa lili pa mndandanda wa ogulitsa anzawo. M'kabokosi kanga ka makalata wina anaikamo thonje ndi kapepala kolemba kuti pepani odwala. Mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi kusukulu ya ndege ndinakumana naye pakhonde la ofesi. Sanaime n'komwe. Anangoti aise, ukanangonama ngati anthu anzako. Ndinafuna kumuuza kuti ine ndinanena zoona ndiye zinandikanika, koma anali atakhota kale.

Sabata yatha Kaputeni Obiero anabwera kunyumba ndi thumba la malalanje. Anakhala pampando wanga umodzi uja, n'kuti mwana wanga, khutu lakoli ndi golide, tiye tiitane atolankhani uwauze mmene anakukakamizira, Gathogo tim'maliza. Ndinafunsa kuti nanga foni ija ndinakuimbirani inuyo, nayonso ndiwauze? Anati imeneyo ndi nkhani ya m'nyumba. Ndinafunsa za mndandanda. Anati anyamata akadali okwiya, ndiwapatse nthawi. Malalanje anasiya, koma sanabwerenso.

Mlandu unali dzulo. Anthu atatu kuseri kwa tebulo, bwana Gathogo pakati, tiyi ndi mabisiketi ngati tabwera kudzakambirana za ukwati. Anali atalemba kale pepala. Linkanena kuti ine ndinabisa matenda, sindinauze munthu aliyense wa kampani kuti ndikudwala. Anati ndikasaina andipatsa chenjezo chabe, khutu likapola ndibwerera pampando wanga. Ndikakana, miyezi yoyesedwa ithera pomwepo.

Bwana Gathogo analankhula mofatsa, simungakhulupirire kuti ndi omwe aja a mbuzi ya pulasitiki. Anati mwana wanga, tsiku lija mafoni anali ngati mvula, ndani angakumbuke kuti uyu anati chiyani, usataye tsogolo lako chifukwa cha chiganizo chimodzi, ganizira makolo ako kumudzi. Ndinati bwana, ine ndinali wa nambala 41, munandiwerenga nokha. Anayang'ana m'kapu yawo. Mayi woona za antchito, mmodzi wa atatuwo, ndi amene anawapulumutsa. Anati kampani ino sinakakamizepo munthu kuuluka akudwala, ndipo pepalali likungonena zimenezo basi, palibe chachilendo.

Achimwene, cholembera ndinachigwira. Ndisakunamizeni kuti ndinali wolimba. Ndinkafuna kusaina ndi mtima wanga wonse. Ndimaikonda ntchito imeneyi mwa njira imene sindidziwa kuifotokoza, ndipo inu mukudziwa kuti sindine munthu wa mikangano, ngakhale wondiponda phazi m'matatu, minibasi zathu zija, ndimayamba ndine kupepesa. Koma ndinaona dzina langa litalembedwa kale pansi pake, likungodikira dzanja, ndipo ndinakumbuka kuti ndinasainapo kale bodza limodzi mwezi uno. Limenelo ndinalipira ndi khutu, ndipo anthu 68 akanatha kulipira nawo osadziwa. Lachiwirili akanalipira ndi wina wodzadzuka ndi chimfine chaka chamawa, akuuzidwa kuti kuno sitikakamiza munthu. Ndinaika cholembera pansi. Ndinati pepani, sindisaina. Sanamve bwino, mpaka anandiuza kuti ndibwereze.

Kalata yondichotsa yafika lero m'mawa. Masana ndapita ku ofesi ya boma yoona za ndege kukapereka lipoti langa. Ndalembamo zonse: foni ya bwana Gathogo, foni ya Kaputeni Obiero, ndi kusaina kwanga. Akhoza kundilanga inenso, ndipo akatero sadzakhala atalakwa.

Sindikudziwa ngati ndachita bwino. Mwina ndi kunyada chabe kovala malaya a chilungamo. Makampani a ndege kuno ndi ochepa, mabwana ake amamwera limodzi, ndipo dzina la munthu wokana kusaina limayenda msanga. Koma mkwiyo ndili nawo, achimwene, ndipo sindinazolowere kukhala nawo. Ndakwiyira mabwana amene anatitopetsa mpaka anthu akuluakulu kuyamba kunama ngati ana othawa sukulu. Ndakwiyira a bungwe amene anatenga mawu oti ndadwala n'kuwagwiritsa ntchito mpaka kutha mphamvu, moti tsiku limene ine ndinawafuna anali opanda kanthu. Onsewo lero ali pa ntchito, akupatsana moni.

Pempho langa ndi limodzi. Ndikubwera Lachiwiri pa sitima ya m'mawa, ndidzatsikira pa Voi, kukwera matatu ndidzakwera ndekha. Koma ndisanafike, muwauze ndinu abambo. Mukudziwa mmene amachitira ndege ikamadutsa, kuimitsa anthu pamsika wa Wundanyi kuti yang'anani kumwamba, mwina ndi mwana wanga ameneyo. Sindingathe kuona nkhope yawo pamene akuimva koyamba nkhaniyi. Muwauze Lamulungu mukabwera kutchalitchi, atadya. Musanene kuti ndili pa tchuthi, ndipo musadumphe poti ndinasaina pepala loyamba lija, ngakhale ndikudziwa kuti mudzafuna kudumpha. Akafunsa ngati ndidzaulukanso, muwauze kuti sindikudziwa. Musawonjezerepo kanthu.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Mkamburi, muwauze asavutike kupha nkhuku, sikubwera mlendo. Moni kwa azakhali a ku Mgange, kwa amalume ndi banja lawo, ndi kwa ana onse, makamaka Chao, amene ndamva kuti wakhoza mayeso. Abambo musawapatsire moni wanga, ndidzapereka ndekha.

Tsalani bwino mpaka Lachiwiri.

Ine mlongo wanu,
Wakesho