Kamwana Wasiya Kukwera Masitepe

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Kuno tilipo ndithu.

Kamwana, chigalu chija munawasiyira bambo pochoka, wakalamba. Miyendo yakumbuyo ikukana, kukamwa kwayera ndi imvi. Adokotala a ziweto akuti agalu akuluakulu sakhalitsa, zaka zisanu ndi zitatu ndi ukalamba kale. Ine ndinkayesa thupi lalikulu ndi moyo wautali, n'chifukwa chake ndinkakuuzani kuti musafulumire kubwera. Ndinalakwa.

Masitepe atatu a pakhonde aja wasiya kukwera. Bambo atsitsira mpando wawo pabwalo, amakhala naye tsiku lonse. Akuti, “Ndikumuperekeza mnzangayu.” Koma dzulo ndinawaona akuyesa kukwera okha, atagwira khoma, ndipo ndinayang'ana kumbali.

Geti likalira, Kamwana amadzutsabe mutu. Si iye yekha.

Ndine mlongo wanu.