Lilime pakati pa mano

Lachitatu madzulo. Lero mtima wanga sunakhale m'malo.

Sabata ino ndikuphunzitsa ana a Giredi 5 katchulidwe ka "th" wa m'Chingerezi. Njira yake ndi imodzi basi: lilime lituluke pang'ono pakati pa mano, mpweya udutse. Lolemba ndinapita ndi kagalasi kanga kuti aliyense adzione. Ambiri anasangalala, koma Tisiyenji anakana. Akuti, "Madamu, kwathu kutulutsira lilime munthu wamkulu ndi mwano." Ndinamuuza kuti ayang'ane kukhoma, ndipo anatchula bwino kuposa onse.

Ndiye lero m'mawa ahedi andiitanira ku ofesi. Akuti kholo lina ladandaula kuti ndikuphunzitsa ana chipongwe. Nditafunsa dzina la khololo, iwo angoyang'ana m'mapepala. "Musadandaule, aphunzitsi, ingochepetsaniko."

Kholo liti? Anthu onse ali kumunda kukumba nshawa, ndipo sabata ino sindinaone kholo likuponda pasukulu. Koma Lolemba lomwelo aTembo, amene ankaphunzitsa kalasiyi ine ndisanabwere, anaima pawindo nthawi yaitali, ati akufuna choko. Chokocho sanatenge. Masana ano andipatsa moni wokoma kwambiri, mpaka kufunsa za amayi ku Chipangali, chinthu chimene sanachitepo.

Mwina ndikungowaganizira zoipa. Komabe mawa kagalasi ndipita nako, windo ndilitsegula lonse. Akabweranso kudzafuna choko, ndiwapempha mwaulemu kuti alowe, atchule "three" ana akuona. Tione kumene lilime lawo likhale.