Atilanda Khutu la Danusia

Warsaw, Novembala 1961

Okondedwa achimwene a Tadeusz,

Ndikhulupirira muli bwino ku Toronto pamodzi ndi alamu anga a Irena ndi ana. Kuno chisanu chayamba. Amayi miyendo ikuwavutabe, koma akudya. Ine thupi lili bwino, mtima ndiwo wasweka.

Mukudziwa kuti alamu anu a Zdzisław atha zaka akulimbana ndi mathiranzisita, tizipangizo tonga nyemba tokweza mawu tija. Paja munkanena kuti anakwatira fakitale, ine ndine mkazi wachiwiri. Simunaname. Koma chaka chino anapanga kabwino, kotsekera m'galasi, kopanda phokoso. Abwana awo anawalola kudzakayesa kunyumba, m'kamakina kothandiza kumva, pakhutu la mwana wathu wosamva uja, Danusia.

Achimwene, mwana uja anamva! Ndinkakazinga anyezi, ndinangoona watembenuka, maso ali tong'o, akuloza chiwaya. Kenako ndinamuitana atandifulatira, iye n'kucheuka. Ndinalira ngati wamisala. Mwezi watha anayamba kunena "amama", mokhotakhota ndithu, koma ankanena.

Ndiye kufakitale kunachitika msonkhano. Akuti kagalasi kaja n'kodula, chifukwa akapanga mulu wonse, tabwino timatuluka towerengeka, totsala n'kutaya. Asankha kotsekera ndi utomoni, kamene atsikana a pamzere wa ntchito kufakitaleko angamapange mazanamazana. A Zdzisław anawauza kuti kameneko kamasokosa ngati mvula pamalata. Abwanawo akuti anangoseka, amvekere, "Akulu, dziko likufuna wailesi m'nyumba iliyonse, osati ngale imodzi m'thumba mwanu."

Chimene chandipweteka n'chakuti alamu anu anavomereza. Akuti abwana sakulakwa, ana osamva ndi ambiri, ndipo kotchipa kadzafikira onse. Ndinawafunsa ngati ambiriwo amagona m'nyumba muno. Anangoweramira mbale.

Tizipangizo toyeserera tonse ndi katundu wa fakitale, choncho abwana anaitanitsa tonse kuti akating'ambe aone m'kati. Bambo ake a Danusia ndi amene anachotsa kagalasi kaja m'kamakina ka pakhutu la mwana, n'kuikamo kotchipa. Danusia anakuwa, nathothola kamakinako, n'kukaponya pansi pa bedi. Mpaka lero safuna n'kukaona komwe.

Chichokereni sindinakupempheniko kanthu, ngakhale sopo. Lero ndagwada. Ndamva kuti kumeneko timakina tabwino timapezeka m'sitolo. Chonde mutumize kamodzi msanga, mawu aja asanamuthawe. Sananenenso "amama".

M'mawa uliwonse amabwera n'kumandigogoda milomo ndi chala, n'kutchera khutu. Iye akuganiza kuti chawonongeka ndi pakamwa panga.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Amayi akuti muzivala chipewa. Mulungu akusungeni kutaliko.

Ndine mlongo wanu,
Bogumiła