Utomoni wa Paphewa

Lolemba, 12 Disembala 2016

Sheffield kuzizira kosautsa. Ndaweruka kosamalira okalamba miyendo itatupa, ndapeza bleza ya bambo a Clara pampando. Ati ndiiyeretse lisanafike Lamulungu, tsiku lowadzoza ukulu wa mpingo. Paphewa lamanja utomoni wonata, kafungo ka paini, timasamba tonga singano m'kolala. Akuti anatsamira mtengo podikira basi. Pasiteji pathupa pali mtengo? Chitsulo chokhachokha.

Lachiwiri, 13 Disembala

Sopo wakanika. Madzi otentha angoumwaza. Ndinaiika mufuliji pamodzi ndi usipa kuti utomoniwo uume, inunkhe ikafuna. Ndapala ndi supuni, wapamwamba wachoka, wina wakakamira mu ulusi. Mnzanga wa kuntchito akuti ndiyese sanitaiza wa m'manja.

Clara wafunsanso za mtengo weniweni wa Khirisimasi. Bambo ake anamukaniza kale, ati umadetsa m'nyumba. Tili ndi kathu kapulasitiki kopindika khosi.

Lachinayi, 15 Disembala

Edwina wa ku Rotherham, uja wa kwaya wopanda mwamuna, waika chithunzi pagulu la amayi pa WhatsApp. Mtengo weniweni, wofika kudenga, ati anagula Loweruka. Amayi onse kuyamikira. Ine ndakulitsa chithunzicho. Kumbuyo, pampando, bleza yabuluu. Batani lakumkono ndinasoka ndekha ndi ulusi wakuda, ndikulidziwa.

Loweruka bambo a Clara ankati ali pa shifiti. Edwina amakhala pamwamba penipeni, nyumba yopanda chikepe. Munthu woti kathumba ka mpunga kochokera kushopu amati msana, wasenzera mkazi wina mtengo wathunthu. Ndiye andipatse ine, Asimenye, ndichape umboni wake.

Ndakwiya koopsa. Sanitaiza ndaponya m'bini.

Lachisanu, 16 Disembala

Mwamunayu sindinamufunse. Wadya, wayamika ndiwo, wafunsa ngati bleza yayera. Ndangoti ikuuma.

Viza yanga ikutha Febuluwale, ndipo ili pa dzina lake. Akapanda kusaina, ine ndine wa pandege. Clara sukulu yake ndi kuno, Chichewa amangomva, kuyankha ayi. Zimenezi mwamunayu akuzidziwa bwinobwino, nchifukwa chake sanavutike n'komwe kupeka bodza labwino. Izi ndiye zikundiwawa kuposa za Edwinayo.

Loweruka, 17 Disembala

Ndakwera basi ya ku Rotherham, bleza ili m'jumbo. Masitepe aja ndakwera ndi wefuwefu. Edwina watsegula atavala chitenje cha amayi a mpingo, nkhope ili gwa. Fungo la paini mpaka pakhomo.

Ndamupatsa jumbo. "Utomoni ndi wa mtengo wanu. Muchotse, mawa akuvala."

Sindinadikire yankho. M'basi mtima unali myaa, koyamba sabata yonseyi. Ndimati achite manyazi onse awiri, apite kutchalitchi ndi malaya okha, anthu afunse.

Mwamunayu sanabwere kunyumba. Foni yozimitsa.

Lamulungu, 18 Disembala

Wafika kutchalitchi pa nthawi yake. Bleza yoyera, yosita bwino, paphewa popanda ngakhale kadontho. Edwina amadziwa kuchapa, ndimupatse ulemu wake. Ine masiku onse aja kulimbana ndi supuni.

Mwamunayu manyazi analibe ndi pang'ono pomwe. Anandipatsa moni pakhomo ngati mlendo wochokera ku Leeds, kenako chapansipansi anati mapepala a Febuluwale tikambirana ndikaphunzira khalidwe.

Atamusanjika manja, abusa anati mayi a kunyumba abwere kutsogolo adzaime pambali pa amuna awo, mpingo uone banja lachitsanzo. Edwina ali m'kwaya anandiyang'ana. Nanenso ndinamuyang'ana. Clara anandikoka dzanja, akumwetulira, wonyadira bambo ake.

Ndinaimirira. Ndinayenda mpaka kutsogolo, amayi akuimba nthungululu. Wojambula anati ndiyandikire, ndimugwire paphewa. Ndinamugwira.