Filimu ya Fatsani Yaipitsa Dzina Lanu

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno tilipo. Nandolo wabereka bwino kuposa chaka chimene munatisiya, ngakhale ogula a pa Thuchila akutiseka ndi mitengo yawo. Chimanga cha kudimba ndiye mbozi zinatigawana nacho. Mdzukulu wanu Elube anachira mwezi watha, mwana wamkazi, mphuno yanu yeniyeni. Denga la khitchini likudonthabe pamene munkatchera beseni paja. Koma lero sindinagwire cholembera chifukwa cha denga. Ndakwiya, Amayi, ndipo wandikwiyitsa ndi chitsirizira wanu Fatsani, yemwe uja munkamubisira mkute ife tikuona.

Fatsani wapanga filimu. Anabwera kuchokera ku Blantyre ndi anzake, akuti filimu ya zaupandu: bambo wogwira ntchito ku esiteti ya tiyi wafa mwadzidzidzi, wapolisi akufufuza amene wamupha. Wolemba nkhani ndi iyeyo, dayirekita ndi iyeyonso, kutanthauza wokuwa kuti "yambani" ndi "lekani". Panali a Jafali ogwira kamera. Panali bambo wina wamtali, ntchito yake kunyamula nsungwi ya maikolofoni kunsonga n'kumakalipira atambala a m'mudzi kuti akumuonongera mawu. Panalinso mayi wodzoza anthu kumaso, amene magazi ankapanga ndi madzi a chidede. Zovala anapatsa ine poti ndine telala, ndipo nyumba yojambuliramo anapempha yanu. Ndinavomera ndikumwetulira, chitsiru ine.

Wosewera ngati mkazi wa womwalirayo anali Dorofe, mphunzitsi wa ku Chinakanaka. Fatsani anati, "Achemwali, ndikufuna mayi weniweni wa konkuno, osati wa m'tauni. Tamuphunzitsani." Nanga mayi weniweni amene ndimamudziwa ine ndani, si inu? Ndinatsegula sutukesi yanu, ndinatulutsa chitenje chobiriwira chija ndi duku ya madontho. Ndinamuphunzitsa kutsimphina pang'ono mwendo wamanzere, kumanga mfundo pa chitenje, kutsokomola kaye asanayankhe munthu. Ndinamupatsa ngakhale mawu anu aja akuti, "Pakamwa pa anthu palibe chitseko." Tsiku limene anatuluka m'nyumba mwanu atavala zonsezo, ndinathawira kuseri kukalira. Ndinkayesa tikukulemekezani.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti filimu sajambula motsatana ngati sewero la kutchalitchi. Lero ajambula maliro, mawa wakufa yemweyo akupalasa njinga, mkucha ukwati wake. Sungatolepo mutu. Masamba omaliza a nkhaniyo Fatsani sanaonetse munthu, ati tingaulule msanga wakuphayo. Gawo lomaliza anajambula atatu okha, iyeyo, a Jafali ndi Dorofe, tsiku limene ananditumiza ku Limbuli kukasaka nsapato za wapolisi. Ine kuzungulira msika wonse thukuta lili kamukamu, osadziwa kuti andichotsa dala. Atatha anatenga zonse kupita nazo ku Blantyre kwa wolumikiza zidutswa pa kompyuta.

Loweruka lapitali anaionetsa mu holo ya sukulu, mazenera atatchinga ndi mabulangete kuti dzuwa lisalowe. Anthu anadzaza mpaka pakhomo. Dorofe atangotulukira, anthu anakuwa dzina lanu n'kuomba m'manja, ine kudzimva kukula. Ndiye kumapeto, mayi uja, m'khitchini yanu, atavala chitenje chanu, akutsimphina ngati inu, akuthira mankhwala a makoswe mu thobwa la mwamuna wake. Kenako mitu inatembenukira kwa ine. Azakhali, alongo awo a abambo, anaimirira n'kuloza chinsalu choonetserapo filimu.

"Mwaonatu! Zaka zonsezi ife tikamanena mumatiyesa amisala. Lero waulula ndi mwana wake yemwe!"

Mukudziwa kuti akuchimuna sanasiyepo kunong'ona chichitikire maliro a abambo. Tsopano sakunong'onanso, akulankhula pa mjigo masanasana. Amayi a kumpingo amene analonjeza kudzaimba tikamadzaonetsa chiliza chanu mwezi wamawa ayamba kupereka zifukwa, uyu mwendo, uyu alendo. Dorofe anabwera kudzapepesa akulira, akuti anauzidwa kuti ine ndikudziwa zonse. Iyeyo ndilibe naye mlandu.

Fatsani ndinakamupeza akukulunga zingwe zake pakhonde panu. Anayamba monga ndinkayembekezera. "Achemwali, ndi sewero basi. Filimu yotere wakupha amayenera kukhala amene anthu sakumuganizira."

Ndinati, "Ndiye unasowa chitenje china dziko lonse lino? Unasowa nyumba ina? Iwe wanyoza amako ndi manja anga, ine ndikusita zovala n'kumaimba!"

Anaika chingwe pansi. Kenako anati, "Ine ndinali ndi zaka zinayi pamene abambo ankamwalira. Ndakula anzanga kusukulu akunditchula mwana wa wakupha. Ndinawafunsa amayi kawiri konse, anangotsokomola n'kundiuza za chitseko. Inuyo achemwali, mukudziwa motsimikiza kuti sanachite?"

Amayi, pamenepo mkwiyo wanga unafika ndi kwa inu komwe. Inde ndikudziwa. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Ndine ndinawapeza abambo kuseri kwa nkhokwe masana aja, kabotolo ka mankhwala akupha kali m'manja mwawo, patangotha sabata atawachotsa ntchito ku esiteti. Munawabereka kumsana ndi mwendo wanu womwewo mpaka kumsewu, koma anatsirizikira m'njira. Kabotolo munakaponya m'chimbudzi, n'kundigwira mapewa kundilumbiritsa kuti ndisadzauze munthu, chifukwa mpingo sukanawaimbira nyimbo, ndipo ife tikanakula tikulozedwa zala. Abambo munawapezera maliro aulemu. Koma akuchimuna anaona thovu kukamwa kwawo, ndipo zala zija zinaloza inu zaka zonsezi, inu muli phee. Munaganizapo kuti mwana wanu yemwe akukula akukukayikirani? Chetechete sautsa nyama, Amayi, munkatiuza nokha tikamaopa kufunsa aphunzitsi, koma zanu munazikhalira.

Tsiku limenelo Fatsani sindinamuyankhe. Chifukwa cha lumbiro lija, ndinangotola chitenje chanu n'kuchokapo. Iye anaona ngati kukhala chete kwangako ndiye yankho, ndipo nkhope imene anandiyang'ana nayo ikundisowetsa mtendere mpaka lero.

Atsibweni aitanitsa mbali zonse ziwiri Lamlungu likubwerali, pakhomo panu. Ndikanena zonse. Ndiyamba ndi Fatsani Loweruka tili awiri, chifukwa ndi bambo ake, sayenera kumvera pagulu. Azakhali ziwapweteka, ndipo sindikondwera nazo, mlongo wawo ankamukonda. Abambo kumeneko mwina akhumudwa. Muli nawo pafupi ndinu, muwauze kuti mwawasungira ulemu nthawi yokwanira, ndipo ife ana awo sitidzasiya kuwakonda chifukwa cha tsiku limodzi limene mtima unawalemera. Filimuyo aidule kapena asaidule, izo aona mwini wake.

Mundikhululukire, Amayi, lumbiro lija ndikuliphwanya. Sindinakunyozenipo muli moyo, ndikuyamba lero muli m'manda, ndipo ndikuchita chifukwa ndimakukondani. Ndikulonjeza kuti Fatsani akadzabweranso pamanda anu, adzagwada akudziwa mayi amene anamulera.

Ndine mwana wanu woyamba,
Estere