Mtima Wanga Ulibe Vuto, Achemwali

Okondedwa achemwali,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu ndi wa ana onse. Nanga bondo la mayi lija likuwalola kuyendayenda? Kuno tili bwino. Mlamu wanu ali ndi mphamvu, ine ndabwerera kuntchito ndipo ndikudya ngati anthu awiri.

Ndamva kuti mayi akusala kudya pondipempherera, akuti ndinachitidwa opaleshoni ya mtima. Khalani pansi muwerenge bwino, chifukwa nkhaniyi yayenda mokhota ndipo woiwongola ndinu.

Mtima wanga ulibe vuto. Adokotala anachotsa mabere aja. Inde, omwe aja munkamenyera nawo anyamata kusukulu akamanditcha mayina a atsikana. Munkanditonthoza kuti adzatha ndikakula. Adokotala akuti kwa anyamata ambiri amathadi okha, koma anga anakhazikika ngati mlendo wosadziwa kutsanzika.

Ntchito yanga mukuidziwa, kukweza simenti, malata ndi zitsulo m'malole. Dzuwa likaswa mtengo anzanga amavula malaya, ine ndili m'malaya awiri, jekete pamwamba, thukuta kamukamu. N'chifukwa chake kuntchito dzina langa ndi Jekete. Ena lenileni salidziwa n'komwe.

Popempha tchuthi ndinangoti ndikukachitidwa opaleshoni ya pachifuwa. Akapitawo anagwira pamtima pawo, nkhope itagwa, ndipo ine manyazi ananditseka pakamwa. Dalaivala wathu anakauza amalume, amalume n'kuimbira mayi. Basi nkhani yamera miyendo.

Ndinakhala pakhomo mwezi ndi theka, nditavala vesiti yothina usana ndi usiku. Anandiletsa kunyamula ngakhale ndowa ya madzi. Mlamu wanu anasanduka wapolisi. Tsiku lina anandipeza ndikusuntha bedi, ndipo mawu amene anandiuza sindingawalembe pano.

Nditabwerera kuntchito anandilandira ngati dzira. Anandipatsa mpando pageti ndi tsache. Mnzanga wina wamphamvu, timamutcha Chitsulo, ankandilanda chilichonse chili m'manja, ngakhale botolo la madzi, n'kumanyamula gawo langa pamwamba pa lake. Poyamba sindinadandaule, popeza adokotala anati ndiyambe ndi zopepuka.

Koma tsiku lina akapitawo anandiitanira kuseri kwa mulu wa matabwa. Anati abwana aganiza zoti ndikhale wapageti mpaka kalekale, malo anga alembe munthu wina, chifukwa safuna munthu adzawafere thumba lili paphewa. Analankhula mwachifundo. Ine, achemwali, kukhala pampando tsiku lonse kumawerenga ntchentche?

Nthawi yopuma masana, onse atakhala pamthunzi wa lole, ndinaimirira. Ndinavula jekete, ndinavula malaya, n'kuwaonetsa zipsera ziwiri zija. Ndinawauza kuti mtima uli bwinobwino, chimene anachotsa ndi mabere.



Kenako Chitsulo anaika kapu pansi n'kufunsa kuti, kodi iye wakhala akuthyoka msana ndi matumba anga, mpaka kukandiperekera dzina kumapemphero, nkhani yake ili ya mabere? Tonse tinafa nalo phwete. Koma sikunali kuseka kwa kusukulu kuja. Uku n'kuseka kumene munthu umaseka nawo, misozi ili mbwembwembwe.

Akapitawo anadikira phokoso lithe, n'kunena kuti iwo onse ali ndi maso, ankadziwa kalekale chimene jekete inkabisa, kungoti panalibe amene ankaona kuti ndi nkhani. Achemwali, zaka zonsezi ndakhala ndikuphikika ndekha pobisa chinthu chimene aliyense ankachidziwa.

Akapitawo anakalankhula ndi abwana, malo anga anabwerera. Koma anandiyambitsa ndi zitini za penti, kenako wilibala yosadzaza. Anandilumbiritsa kuti ndikamva kuwawa kapena ndikaona kutupa ndizinena, osati kulimba mtima kwa uchitsiru. Tsiku lina ndinapupuluma, chifuwa chinakoka ngati ulusi ukufuna kuduka, ndipo ndinabwerera kutsache masiku angapo osatsutsa.

Sabata yathayi ndi pamene ndinasenza thumba la simenti loyamba. Pazipserapo panali kadzanzi, koma ululu ayi. Ndinakwera nalo pathabwa mpaka m'lole, anzanga akuimba mluzu. Pobwerera kokatsitsa katundu ndinaima kumbuyo kwa lole wopanda malaya, mphepo ikundiwomba pachifuwa. Chichokereni ku ubwana sindinamvepo zimenezo. Dzuwa linandiwotcha msana mpaka kusupuka, ndipo mlamu wanu pondipaka mafuta ankaseka kuti wakwatiwa ndi njoka yofundula.

Tsono pempho langa ndi ili. Pitani kwa mayi mukawafotokozere zonse, ayambe kudya. Ine ndayesa kawiri pafoni, koma mawu akuti mabere akukana kutuluka ndikamva mawu awo. Inu mumadziwa kuwafika pamtima. Akakalipa kuti ndinawabisira, alekeni akalipe, ndidzapepesa ndekha.

Chachiwiri, ana akatsekera sukulu mubwere nawo mayi kuno tidzajambulitse tonse. Mukayang'ana zithunzi zili pakhoma kwanuko, muona kuti ine paliponse ndili kumbuyo, kapena ndanyamula mwana wa wina pachifuwa. Ulendo uno ndikufuna kuima kutsogolo, pambali pa mayi, manja ali m'mbali.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Amalume muwauze kuti wodwala mtima wawo akusenza simenti. Mulungu akusungeni nonse mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mlongo wanu wamng'ono,
amene munkamumenyera nkhondo uja.